LEV VYGOTSKY (1896–1934): MPHUNZITSI AMENE ANAFUFUZA ZA MAU, MAGANIZO NDI MTIMA

Mau Oyamba

Mphunzitsi aliyense amene anaimapo patsogolo pa ana a Giredi 1 anaonapo mwana akujambula kapena kuwerenga timiyala, uku akudzilankhulira yekha motsitsa mau. Aphunzitsi ambiri amayesa kuti mwanayo akusokosera, ndipo amamuletsa. Anaonaponso mwana wolongolola pabwalo la masewera, amene akafunsidwa funso m'kalasi amangoti kakasi, lilime litauma ndi mantha. Zinthu ziwirizi zimaoneka zazing'ono, koma m'kati mwake muli funso lalikulu: kodi mau, maganizo ndi zimene munthu amamva mumtima zimagwirizana motani?

Munthu amene anathera moyo wake pofufuza funso limeneli ndi Lev Semyonovich Vygotsky wa ku Russia. Iye sanafikepo ku Africa, ndipo anamwalira ali ndi zaka 37 zokha. Komabe mbiri yake taiika m'buku lino pa zifukwa ziwiri. Coyamba, iye anali mphunzitsi wa ana ndiponso wa aphunzitsi asanakhale katswiri wa saikoloji. Caciwiri, njira zambiri zimene mudzaphunzira m'mitu yotsatira, monga kukambirana m'magulu, kusimba nthano ndi kuyamba kuwerenga m'cinenero cimene mwana adziwa, zimamveka bwino munthu akadziwa maganizo ake.

Ubwana Wake

Vygotsky anabadwa pa 17 Novembala 1896 m'tauni ya Orsha, imene tsopano ili m'dziko la Belarus. Ali wakhanda, banja lao linasamukira ku Gomel, ndipo kumeneko ndiko anakulira. Atate ake anali kugwira nchito ya m'banki, ndipo amai ake anaphunzira za uphunzitsi ngakhale kuti nthawi yao yambiri anaithera polera ana. Anawo analipo 8, ndipo Lev anali waciwiri kubadwa. Linali banja la Ciyuda lokonda mabuku, ndipo madzulo makolo ndi ana anali kukhala pamodzi kumwa tiyi ndi kukambirana zimene awerenga. Mwana amene anadzaphunzitsa kuti nzeru zimayambira pa kuceza ndi anthu ena anakulira pa kuceza kotereku.

Maphunziro ake oyamba anacitira panyumba. Mphunzitsi wake, Solomon Ashpiz, sanali kufulumira kupatsa mwana yankho. Anali kumufunsa funso pambuyo pa funso kufikira mwanayo ataona yekha pamene walakwa. Pambuyo pake Lev analowa sukulu ya sekondale, ndipo anaitsiriza mu 1913 ndi mendulo ya golide.

Masiku amenewo boma la mfumu ya Russia linali kupondereza Ayuda. Pa ophunzira 100 alionse a pa yunivesite ya Moscow, Ayuda ololedwa anali 3 okha. Kale malo ocepawo anali kupatsidwa kwa opambana koposa, koma pa nthawi imene Lev anatsiriza sukulu lamulo linali litasintha, ndipo anayamba kusankha mwa maere. Mendulo yake inakhala yopanda nchito. Mwamwai maere anamugwera, ndipo anapita ku Moscow.

Anayamba ndi maphunziro a udokotala monga mwa cifuniro ca makolo, koma posakhalitsa anasinthira ku za malamulo. Mtima wake unali pa mbiri yakale ndi zolembalemba, koma Myuda sanali kuloledwa kukhala mphunzitsi m'sukulu za boma. Motero, kuonjezera pa malamulo, anali kupitanso ku yunivesite ya Shanyavsky, imene sinali ya boma, kukamvera maphunziro a mbiri ndi filosofi. Ali komweko analemba nkhani yaitali yosanthula sewero la Shakespeare lochedwa Hamlet.

Mphunzitsi ku Gomel

Mu 1917, caka cimene ufumu wa Russia unagwa, Vygotsky anabwerera ku Gomel. Zaka zotsatira zinali za nkhondo, njala ndi matenda. Cifuwa cacikulu cinalowa m'banja lao ndi kupha mng'ono wake, ndipo ca m'ma 1920 nayenso cinamugwira. Matendawa sanamusiye kufikira imfa yake.

Boma latsopano linacotsa lamulo loletsa Ayuda kuphunzitsa. Vygotsky anaphunzitsa zolembalemba m'sukulu za m'tauniyo, analemba ndemanga za masewero m'manyuzipepala, ndipo anaphunzitsa saikoloji pa koleji ya aphunzitsi, kumene anakonza kacipinda kofufuziramo za kaganizidwe ka ana. Maphunziro amene anali kupatsa ophunzira a pa kolejipo ndiwo anakhala maziko a buku lake la saikoloji ya maphunziro, limene linasindikizidwa mu 1926.

M'zaka zimenezi anali kulimbana ndi funso ili: n'cifukwa ninji mau olembedwa papepala amatha kuliza munthu kapena kumuseketsa? Poyankha anasanthula nthano za nyama za wolemba wa ku Russia, Ivan Krylov, zimene zimafanana ndi zathu za Kalulu ndi Fisi. Iye anakana kuti nthano ndi cotengera cabe ca mwambo wa kumapeto. Anaona kuti nthano yabwino imakokera mtima wa womvera mbali ziwiri nthawi imodzi. Womvera amakondwera ndi kucenjera kwa nyama ina uku akuopa tsoka limene likudza, ndipo pamapeto zomva ziwirizo zimakumana ndi kumasuka. Kufufuza kumeneku kunakhala buku la saikoloji ya luso, limene analitsiriza mu 1925. Popeza anali kudwala kwambiri, anapatsidwa digiri yake popanda kukaonekera pamaso pa oyesa.

Ku Moscow ndi Ana Olumala

Mu Januwale 1924 Vygotsky analankhula pa msonkhano wa akatswiri mumzinda wa Petrograd. Ambiri nthawi imeneyo, potsata kufufuza kwa Ivan Pavlov pa agalu, anali kukhulupirira kuti sayansi iyenera kuyang'ana zocita za thupi zokha zimene zimaoneka ndi maso. Mphunzitsi wosadziwikayu anaimirira ndi kunena kuti sayansi imene ithawa kufufuza kuzindikira kwa munthu yasiya cinthu cenicenico cimene cimasiyanitsa munthu ndi nyama. Mnyamata wina dzina lake Alexander Luria anamumva, ndipo anathandiza kuti aitanidwe kukagwira nchito pa sukulu yofufuza za saikoloji ku Moscow. M'caka comweco anakwatira Roza Smekhova, amene anabereka naye ana aakazi awiri, Gita ndi Asya. Poyamba anali kugona m'kacipinda ka pansi pa nyumba ya sukuluyo. Luria ndi Alexei Leontiev anakhala anzake a panchito.

Nchito yake yaikulu m'zaka zoyambazo inali ya ana osamva, osaona ndi ocedwa kuphunzira. Mu 1925 anapita ku London ku msonkhano wa maphunziro a ana osamva, ndipo umenewu ndiwo ulendo wokha umene anayenda kunja kwa dziko lake. Mfundo yake inali yakuti cilema ca thupi pacokha si ndico cimaononga mwana koposa. Comwe cimaononga ndi zotsatira zake pakati pa anthu. Mwana wosamva amasiyidwa kunja kwa kuceza, sapeza mau, ndipo posowa mau amasowanso zida zoganizira. Nchito ya mphunzitsi ndiyo kupeza njira ina yofikitsira cinenero kwa mwanayo, kaya ndi zala kapena ndi maso. Poyamba Vygotsky anali kukaikira cinenero ca manja, koma pambuyo pake anavomereza kuti cili ndi malo ake pa maphunziro a osamva.

Mfundo imeneyi ili ndi kulemera kwake muno m'Kabwe. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unatsekedwa mu 1994 unasiya fumbi la mtovu m'nthaka ya makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo mtovu ukalowa m'magazi a mwana umacedwetsa kukula kwa ubongo. Mwana wotere afunika kupimidwa ku cipatala. Koma ngati mphunzitsi amucha mbuli ndi kumukankhira kumbuyo kwa kalasi, waonjezera cilema caciwiri pamwamba pa coyamba, ndipo caciwirico n'copangidwa ndi anthu.

Mau ndi Maganizo

Vygotsky anaphunzitsa kuti kulankhula ndi kuganiza zimayamba ngati mitsinje iwiri yosiyana. Khanda limalira ndi kubwebweta popanda kuganiza za tanthauzo, ndipo limathanso kukoka nsalu kuti lifikire cidole lisanadziwe liu ngakhale limodzi. Anyani amene Wolfgang Köhler anawafufuza pa cisumbu ca Tenerife anali kugwiritsa nchito ndodo pofikira zipatso, popanda cinenero. Koma mwana akafika zaka ngati ziwiri mitsinje ija imakumana. Amazindikira kuti cinthu ciliconse cili ndi dzina, ndipo amayamba kufunsa maina kosalekeza. Kuyambira pamenepo mau amakhala cida ca maganizo, monga khasu lili cida ca dzanja.

Pa za mwana wodzilankhulira yekha, Vygotsky anasiyana ndi Jean Piaget wa ku Switzerland. M'buku lake la mu 1923, Piaget anaona kulankhula kotere ngati cizindikiro cakuti mwana sanayambe kuganizira anthu ena, ndipo anati kumangofota mwana akamakula. Vygotsky ndi anzake anayesa nkhaniyi. Anapatsa ana nchito yojambula, koma anabisa pensulo ya mtundu wofunika kapena pepala. Pamene vuto linabuka, kudzilankhulira kunaculuka pafupifupi kawiri. Mwana wina anali kujambula galimoto yoyenda panjanji ndipo pensulo inathyoka. Anachula liu lonena za kuthyoka, ndipo kucokera apo anasintha cithunzico kukhala ca galimoto yoonongeka pangozi. Liu lija linatsogolera zocita zake. Anayesanso kuika mwana pakati pa ana osamva kapena olankhula cinenero cina, ndipo kudzilankhulira kunacepa kwambiri. Izi zinaonetsa kuti kulankhulaku kumacokera m'kuceza ndi anthu.

Motero iye anafotokoza njira ya magawo atatu. Poyamba akulu amalankhula kwa mwana ndi kumulangiza. Kenaka mwana amadzilangiza yekha mokweza ndi mau omwe aja. Potsiriza, ca m'zaka 7, mauwo amalowa m'kati ndi kukhala kulankhula kwa mumtima, kumene ife akulu timaganiza nako. Kulankhula kwa mumtima n'kwacidule, cifukwa munthu sadzifotokozera zimene adziwa kale. Apa pali cifukwa cimene kulemba kumavutira ana. Polemba, mwana ayenera kutambasula maganizo ofupikitsidwawo kuti amveke kwa munthu amene palibe, popanda thandizo la nkhope, manja kapena kamvekedwe ka mau.

Anaonanso kuti tanthauzo la liu limakula pamodzi ndi mwana. Mnzake Leonid Sakharov anakonza mayeso a timatabwa 22 tosiyana mtundu, maonekedwe, msinkhu ndi kukula, tolembedwa kunsi mau opanda tanthauzo. Ana aang'ono anali kutiunjika mwacisawawa. Okulirapo anali kutilumikiza ngati unyolo, aka cifukwa ca mtundu, kotsatira cifukwa ca maonekedwe. Acinyamata ndiwo anali kupeza mfundo imodzi yogwirizanitsa gulu lonse. Cotero mwana wa Giredi 2 ndi mphunzitsi wake angachule liu limodzi, monga cilungamo kapena boma, koma zimene zili m'mitu mwao n'zosiyana. Kuloweza tanthauzo pamtima sikutanthauza kuti mwana walimvetsa. Pamene mwana waphunzira liu latsopano, ulendo wa tanthauzo lake wangoyamba kumene.

Malo a Mtima

Ambiri amene amachula Vygotsky amaiwala mbali iyi, koma kwa iye inali yaikulu. Anadandaula kuti akatswiri a nthawi yake analekanitsa maganizo ndi zomva za mumtima, ngati kuti maganizo amadziganiza okha popanda munthu wamoyo amene ali ndi zofuna ndi mantha ake. Anapereka fanizo la madzi. Munthu wofuna kudziwa cifukwa cake madzi amazima moto sangapeze yankho powagawa kukhala mipweya iwiri imene imawapanga, pakuti wina umayaka ndipo wina umakoleza moto. Ayenera kuyang'ana dontho lathunthu. Comwecho munthu samveka ngati tiika nzeru zake uku ndi mtima wake uko.

Kuyambira unyamata wake anali kukonda zolemba za Baruch Spinoza, wafilosofi wa ku Holland wa m'zaka za m'ma 1600, amene anaphunzitsa kuti thupi ndi maganizo ndi cinthu cimodzi, ndi kuti munthu akamvetsa cimene cikumuvuta mumtima amayamba kucilamulira. Ca m'ma 1931 mpaka 1933 Vygotsky analemba buku lonena za zomva za mumtima, koma sanalitsirize. M'mutu wotsiriza wa buku lake lalikulu anafanizira ganizo ndi mtambo umene umagwetsa mvula ya mau, ndipo cofuna ca mtima anacifanizira ndi mphepo imene imakankha mtambowo. Anatengeranso nzeru kwa Konstantin Stanislavsky, katswiri wa masewero, amene anali kuphunzitsa ocita sewero kufunafuna colinga cobisika kuseri kwa mzere uliwonse. Kuti timvetse mau a munthu tiyenera kudziwa ganizo lake, ndipo kuti timvetse ganizolo tiyenera kudziwa cimene cikumukankha.

M'phunziro lina anasimba za ana atatu a mai mmodzi amene anali kumwa mowa kwambiri ndi kuwacitira nkhanza akaledzera. Wamng'ono anagwidwa ndi mantha aakulu, anayamba kukodza pogona ndi kucita cibwibwi. Wapakati anali wogawanika mtima, kukonda amai ake ndi kuwaopa nthawi imodzi. Wamkulu, wa zaka ngati 10 kapena 11, anazindikira kuti amai ake akudwala, anawamvera cisoni, ndipo anasenza udindo wosamala ang'ono ake ngati munthu wamkulu. Nyumba inali imodzi, koma mwana aliyense anakhalamo mosiyana, molingana ndi mmene anali kumvetsera zocitikazo. Liu la Cirasha limene anagwiritsa nchito pofotokoza zimenezi ndi perezhivanie, ndipo limatanthauza mmene munthu amapyolera m'cocitika, kucimvetsa ndi kucimva mumtima pamodzi.

Ife olankhula Cinyanja sitivutika kumvetsa mfundoyi, cifukwa cinenero cathu sicinalekanitse zinthuzi. Liu lakuti kumva limagwira nchito pa khutu, pa kuzindikira tanthauzo, pa ululu ndi cisoni, ndiponso pa kumvera akulu. Mtima ndiwo umapsa, umasweka ndi kukhala pansi, koma ndi mumtima momwemo mmene munthu amaganiza ndi kusunga cinsinsi. Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia, amene anafufuza pakati pa Acewa a m'boma la Katete ndi kusindikiza buku lake mu 1993, anapeza kuti akulu a kumudzi akanena kuti mwana ali ndi nzeru satanthauza kucenjera kokha. Amaphatikizapo kutumikira ndi kukhulupirika. Mwana wocenjera wosatumika samuyesa wanzeru.

Mwana Wothandizidwa

Vygotsky sanakhutire ndi mayeso amene amayesa zimene mwana angacite payekha. Anapereka citsanzo ca ana awiri amene onse amakhoza nchito ya msinkhu wa zaka 8. Akapatsidwa thandizo pang'ono, monga funso lotsogolera kapena ciyambi ca yankho, wina amafika pa nchito ya zaka 12 ndipo wina ya zaka 9. Mayeso amati anawa ndi ofanana, koma sali ofanana. Mpata wa pakati pa zimene mwana acita yekha ndi zimene acita pothandizidwa ndiwo munda wa mphunzitsi. Zimene mwana acita lero ndi thandizo adzazicita yekha mawa, ndipo kuphunzitsa kwabwino kumayenda patsogolo pa kukula ndi kukukoka. Mtsikana amene amaphunzira kusinja pogwira munsi pamodzi ndi mkulu wake amaphunzira mwa njira yomweyi.

Pa za zinenero, iye anaona kuti mwana amaphunzira cinenero cacilendo atatsamira pa matanthauzo amene ali nao kale m'cinenero ca makolo ake, ndi kuti cacilendoco cimamuthandizanso kuzindikira kapangidwe ka cinenero cake. Ziwirizi si adani, koma cina ndi maziko a cinzake.

Imfa Yake ndi Ulendo wa Mabuku Ake

Zaka zake zotsiriza zinali zowawa. Mu 1931 ndi 1932 Luria anatsogolera kufufuza ku Uzbekistan pofuna kuona mmene sukulu imasinthira kaganizidwe ka alimi osadziwa kuwerenga. Akuluakulu a cipani colamula anakwiya ndi zotsatira zake, ndipo gulu la Vygotsky linayamba kunenezedwa kuti likutsata maganizo a maiko a kumadzulo. Kufufuzako kunalinso ndi cofooka cake ceniceni, pakuti mafunso a mtundu wa kusukulu sangayese bwino nzeru za munthu amene sanapiteko. Michael Cole ndi Sylvia Scribner anaonetsa zimenezi pambuyo pake pofufuza pakati pa anthu a ku Liberia.

Vygotsky anapitiriza kuphunzitsa ku Moscow ndi ku Leningrad ngakhale kuti thupi linali kutha. Mbali zina za buku lake lotsiriza anacita kulankhula wina akulemba. Mu Meyi 1934 anayamba kutsokomola magazi, ndipo anamwalira pa 11 Juni 1934. Anaikidwa m'manda a Novodevichy ku Moscow. Buku lake lonena za kuganiza ndi kulankhula linatuluka kumapeto kwa caka comweco.

Mu Julaye 1936 cipani colamula cinaletsa nthambi ya maphunziro a kukula kwa ana imene iye anali kugwiramo nchito, ndipo kwa zaka 20 mabuku ake sanasindikizidwenso. Banja lake ndi ophunzira ake anasunga zolemba zake. Mu 1956, Stalin atafa, zina zinasindikizidwanso. Mu 1962 buku lake lalikulu linatuluka m'Cingerezi ndi dzina lakuti Thought and Language, ndipo mu 1978 kunatuluka lina losonkhanitsa zolemba zake lochedwa Mind in Society. Kuyambira pamenepo dzina lake linafika m'makoleji a aphunzitsi pa dziko lonse. Mau a akulu akoma akagonera.

Phunziro kwa Mphunzitsi wa Cinyanja

Dziko lathu lalimbana ndi funso la cinenero ca m'kalasi kwa nthawi yaitali. Mu 1966 Cingerezi cinakhazikitsidwa kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Cikalata ca boma ca mu 1996, Educating Our Future, cinalola kuti ana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'cinenero ca kwao. Ndondomeko ya mu 2013 inaika zinenero za m'dziko muno kukhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo ya mu 2023 inasinthanso zinthu. Malamulo amasintha, koma njira imene mwana amaganizira siisintha. Tauni ngati Kabwe, imene inakula ndi mgodi ndi njanji, ili ndi ana olankhula Cibemba, Cilenje, Cinyanja, Citonga ndi zina m'kalasi imodzi. Kulikonse kumene mudzatumizidwa, kumbukirani mfundo izi:

1. Musaletse mwana wamng'ono kudzilankhulira pamene akugwira nchito yovuta. Mverani zimene akunena, pakuti zidzakuonetsani pamene wakodwa.

2. Musalange kapena kuseka mwana cifukwa ca cinenero ca kwao. Mwana amene wacititsidwa manyazi pa liu limodzi amatseka pakamwa, ndipo akatseka pakamwa mwamulanda cida cake coganizira. Mfunseni liu la kwao la cinthuco, ndipo mulilumikize ndi la Cinyanja.

3. Kulankhula kutsogole, kulemba kutsate. Ana asimbe nkhani kwa anzao asanailembe.

4. Posimba nthano musathamangire mwambo wa kumapeto. Funsani ana zimene Fisi anali kufuna, zimene anaopa, ndi mmene iwo anamvera pamene anagwidwa.

5. Phunzitsani mau a zomva za mumtima, monga nsanje, cisoni, manyazi, nkhawa ndi cifundo, pamodzi ndi mau okometsa monga zii, phee ndi mbuu. Mwana amene angachule cimene cikumuvuta ali pafupi kucilamulira.

6. Poyesa mwana musalembe cabe kuti walephera. Mpatseni thandizo pang'ono, ndipo mulembe pamene wafika nalo.

7. Ikani ana m'magulu osakaniza, kuti wodziwa athandize mnzake. Koma thandizo licepe pang'onopang'ono kufikira mwana ataima yekha.

Vygotsky anagwira nchito ya saikoloji ku Moscow kwa zaka 10 zokha, ali wodwala, ndipo zambiri anazisiya zosatsiriza. Mfundo zake zina zakonzedwa ndi ofufuza a pambuyo pake, ndipo si bwino kuzilandira ngati malamulo osasinthika. Muziyese nokha m'kalasi, poyang'anitsitsa ndi kumvetsera ana monga iye anacitira ku Gomel.

Mafunso ndi Zocita

1. Fotokozani kusiyana kwa maganizo a Piaget ndi a Vygotsky pa za mwana wodzilankhulira yekha. Ndi umboni wotani umene Vygotsky anapereka?

2. Lembani ziganizo zinai zoonetsa matanthauzo osiyana a liu lakuti kumva. Kodi zikutiphunzitsanji za mgwirizano wa maganizo ndi mtima?

3. N'cifukwa ninji ana atatu a m'nyumba imodzi aja anakhudzidwa mosiyana? Kodi mphunzitsi angathandize motani aliyense wa iwo?

4. Pa nthawi yanu yoyeserera kuphunzitsa, sankhani mwana mmodzi wa Giredi 1 kapena 2. Lembani mau onse amene adzilankhulira pa mphindi 10 pamene akujambula, osachula dzina lake, ndipo mudzakambirane ndi anzanu pobwerera ku koleji.

5. Konzani phunziro la mphindi 30 la nthano, loyenera kalasi imene ana ena Cinyanja si cinenero ca kunyumba kwao.